Zikomo nonse amene munadikira nafe mzere wachiwiri uja

Ndachira abale anga. Mwana wamkazi, makilo 3.1, lero wakwanitsa masabata atatu ndipo pano wagona pachifuwa pa bambo ake, nde ndati manja akadali opanda kanthu ndilembe zomwe ndakhala ndikufuna kulemba kuyambira ndili kuchipatala. Mauthenga anu ndawaona onse, ena sindinayankhe mundikhululukire, foni ndimaigwira 3 koloko usiku diso limodzi lili chotseka.

Ambiri mwangoona zithunzi za kamwanaka, simukudziwa kuti tisanafike apa tinakhala miyezi 16 tikuyesa. Ndikudziwa alipo adikira zaka 5, ena 10, ena akudikirabe, ndipo ndikulemba izi ndi ulemu kwa iwo. Koma kwa ife amene tinalowa m'banja ine ndili ndi zaka 24 iwo 27, tikuganiza kuti ndikangosiya mapiritsi olera basi mwezi wotsatira nkhani yatha, miyezi 16 ija inatalika ngati usiku wa munthu wodwala dzino.

Poyamba ndithokoze amuna anga. Inu bambo ake a mwana, munandigulira timatesiti toyezera mimba tija mpaka ndinasiya kuwerenga titadutsa 30, ndipo simunandifunsepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti kodi tomwe ndinagula sabata yatha tatha kale? Mumangobwera n'kuika kabokosi mu drowa mwakachetechete. Ndikatuluka kubafa nkhope ili gwa, simumafunsa kuti zatuluka bwanji, mumadziwa kale, mumangosendera n'kundisiyira malo pabedi. Anthu sakudziwa kuti inunso zimakupwetekani, ine ndinadziwa tsiku lija ndinakupezani mwakhala panja mdima uli bii, eti mukuyang'ana nyenyezi, inu amene simunayambe mwasamalapo za nyenyezi.

Achemwali anga akulu, inu nde munaona misala yanga yonse. Mukukumbuka mwezi wachisanu tikuyesa uja? Ndinayeza m'mawa, mzere umodzi, ndinataya katesiti mu bini n'kuyamba kuchapa. Patapita mwina ola limodzi mtima unati kaonenso, nde ndinakapisa mu bini, mayi wamkulu ndithu kupisa mu bini, n'kukatulutsa. Pafupi ndi mzere wa C paja, uja umatuluka kaya mimba ilipo kaya palibe, panali kamzere kena, kotuwa, kopyapyala ngati tsitsi. Ndinakaima pawindo, kukapendeketsa uku, kupendeketsa uku, kuyatsa tochi ya foni, kujambula zithunzi zisanu ndi chimodzi n'kukutumizirani pa WhatsApp kuti achemwali mukuona zomwe ndikuonazi? Inu munati, unayeza nthawi yanji. Ndinakwiya nanu tsiku lonse chifukwa cha funso limenelo kkkk. Koma munali ndi zoona. Kapepala ka m'bokosi kamanena momveka kuti uwerenge pakatha mphindi zitatu kapena zisanu, malingana ndi mtundu wake, ndipo zomwe zaoneka pakadutsa mphindi 10 usaziwerengere. Mkodzo ukamauma umasiya kachizindikiro pamalo pomwe mzere wa T, wachiwiri wosonyeza mimba uja, umayenera kutulukira, kopanda mtundu, kotuwa chabe, ndipo munthu amene akufuna mwana angathe kulumbira kuti ndi pinki. Patapita masiku angapo ndinasamba. Simunandiuze kuti ndinanena ine, munangoimba foni n'kumandiuza nkhani za ana anu opulupudza mpaka ndinaseka.

Nthawi imeneyo ine ndimanena paliponse kuti timatesiti timeneti n'tabodza. Ndimasinthasintha mitundu, kogoviika m'kapu, kokodzerapo, kodonthezera ndi kachubu, mpaka kolemba mawu pa sikirini kaja. Ndinafika poyesa zomwe ndinaona pa intaneti zosakaniza mkodzo ndi mankhwala otsukira mano, eti ukachita thovu nde kuti uli ndi mimba. Unachita thovu. Ndinawauza amuna anga kuti ayesere wawo, nawonso unachita thovu, nde tinangoyang'anana n'kusiyira pompo.

Mwezi wa 9 ndiwo umene sindinauzepo anthu ambiri. Ndinayeza m'mawa, ndipo mphindi zitatu zisanathe mzere wachiwiri unatuluka, wosawala kwambiri koma wapinki ndithu, osati zotuwa za mu bini zija. Tinalira tonse awiri. Usiku umenewo tinakangana za maina. Patapita masiku awiri ndinayezanso kuti ndingosangalala, mzere uja m'malo mothina unali utafooka, tsiku lotsatira unkangooneka patalipatali, kenako magazi anabwera, ochuluka kuposa masiku onse, ndi m'mimba mopota. Ndinakhala pansi kubafa nthawi yaitali katesiti kali m'manja, ndikukatukwana kuti kandinamiza.

Apa nde ndikufuna ndithokoze anesi amene anandilandira kuchipatala tsiku lotsatira. Dzina lanu sindilemba pano koma ngati mudzaone izi mudziwe kuti mawu anu anandinyamula miyezi yonse yotsala. Ndinakuuzani kuti tesiti inanama, inu munati ayi mwana wanga, siinaname, mimba inalipo ndithu koma inathera kumayambiriro kwenikweni. Munandifotokozera kuti katesiti sikaona mwana, kamangofufuza homoni yotchedwa hCG mu mkodzo, ndipo homoni imeneyo thupi limayamba kuipanga dzira lomwe lakumana ndi umuna likakakamira m'chiberekero. Kwa ine linakakamira, hCG inayamba, kenako silinapitirire kukula. Munati zotere zimachitikira azimayi ambiri, nthawi zambiri chifukwa cha momwe ma chromosome, tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa cha makolo, anasanjikirana pachiyambi pomwe, osati chifukwa choti ndinanyamula ndowa kapena ndinakwera njinga, ndipo kuti kale kusanabwere timatesiti timeneti munthu amangoti mwezi uno ndachedwa pang'ono basi osadziwa kanthu. Zinandipweteka kumva kuti ndinapita padera, koma chodabwitsa zinandipepukiranso, chifukwa ndinali ndi ufulu wolira chinthu chenicheni. Munandichenjezanso kuti tsiku lina ndikadzaona mizere iwiri kenako n'kumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'mimba, kutuluka magazi, chizungulire kapena kuwawa kunsonga kwa phewa, ndisadzadikire kuche, chifukwa mimba yokhala mu chubu chodutsamo dzira, kunja kwa chiberekero, nayonso imatulutsa mizere iwiri ndipo imeneyo ndi yoopsa. Katesiti kamangoti hCG ilipo, sikanena kuti mimbayo yakhala pati.

Chaka chitakwana tinapita kwa adokotala, poti amalangiza kuti mukatha miyezi 12 mukuyesa popanda kanthu mukaonane nawo, ndipo ngati mayi wadutsa zaka 35 musadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Anatiuza kuti pa mabanja 10 alionse, pafupifupi 8 amatenga mimba chaka chisanathe, nde ine mumtima ndinati chabwino ife ndife awiri otsalawo. Amuna anga apa ndikuthokozeninso, adokotala atati nanunso muyezedwe chifukwa vuto sikuti limakhala kwa mkazi yekha, simunachite manyazi kapena kuyamba za ine ndilibe vuto, munatenga kabotolo kaja n'kupita, ngakhale makutu anu anali atafiira. Zotsatira zinatuluka zabwino. Zanganso zinali bwino.

Nde vuto linali pati? Mundiseke tu. Adokotala anandifunsa kuti mwezi wanga umatenga masiku angati, ine mwachangu ndinati 28. Anati tawonetseni madeti omwe mwakhala mukulemba. Titawerenga limodzi zinatuluka 34, 36, 35, 33, 35. Ine ndinakhala zaka ziwiri pa mapiritsi ndipo pa mapiritsi umasamba pakatha masiku 28 alionse ndendende, nde m'mutu mwanga ndinangosunga kuti wanga ndi 28, ndipo mwezi ulionse ndikafika tsiku la 29 ndimati ndadumpha, n'kuthamangira ku drowa. Pomwe sindinachedwe n'komwe! Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 usanasambe, osati masiku 14 utasamba, kutanthauza kuti langa limatuluka cha pa tsiku la 21. Likatuluka n'kukumana ndi umuna pamatenga masiku 6 mpaka 12 kuti likhazikike, kenako hCG imayamba pang'onopang'ono, kumawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo timatesiti tambiri timafuna ifike cha pa 25 mIU/ml, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwake, kuti mzere uoneke. Ine ndimayeza patangotha sabata imodzi dzira litatuluka, ngakhale mimba ikanakhalapo katesiti kakanaona chani? 99% ya kulondola kwa katesiti yolembedwa pabokosi ija amanena ukayeza kuyambira tsiku lomwe umayembekezera kusamba, tsiku lako lenileni, ndiponso utatsatira malangizo.

Ndipo choseketsa kwambiri, kapena chomvetsa chisoni kaya, ife timalimbikira kuyambira tsiku la 11 mpaka la 15 ngati ntchito ya ganyu, kenako n'kutopa, n'kupuma. Umuna umatha kukhala moyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5, dzira lokha ndi maola 12 mpaka 24 basi. Nde dzira likamatuluka pa tsiku la 21, ife tili chigonere aliyense wayang'ana kukhoma kwake. Mwezi wa 9 uja zinangochitika mwangozi chifukwa amuna anga anali paulendo n'kubwera mochedwa. Adokotala zikomo, simunatiseke, ngakhale ndinaona kuti mukudziletsa.

Kuchokera pamenepo ndinapangana ndi achemwali kuti timatesiti tizisungidwa ndi amuna anga, ine ndisamadziwe pomwe tili, ndipo sindiyeza mpaka tsiku la 36 litadutsa. Zinali zovuta abale, sabata yomaliza ija umamva chilichonse, mabere akawawa wati ndi mimba, nseru pang'ono wati ndi mimba, pomwe zizindikiro zomwezo zimabweranso ukatsala pang'ono kusamba. Vitamini wa folic acid yekha ndi amene sindinasiye, 400 micrograms tsiku lililonse monga anandiuzira kuti uyambe usanatenge mimba.

Mwezi wa 16, tsiku la 37. Dzulo lake madzulo sindinamwe madzi ambiri kuti mkodzo usasungunuke, ndinadzuka 5 koloko, mkodzo woyamba wa m'mawa, ndinayang'ana deti pa paketi kuti sinathe ntchito, n'kugoviika mpaka pa kamzere kolembedwa MAX osapitirira, n'kukagoneka pa sinki. Amuna anga anagwira foni kuwerenga mphindi. Ine ndinatembenukira kuchitseko, sindimafuna kuona. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe ndinangomva akuti, mayi, tatembenukani. Mizere iwiri, yonse yothina, wa T ngati ukufuna kupambana wa C. Ulendo uno sitinakangane za maina, tinangokhala pansi pompo kubafa chete, mantha a mwezi wa 9 ali pakhosi. Ndinayezanso patapita masiku awiri, mzere uli chomwecho. Kuchipatala anayeza magazi kawiri, nambala ya hCG ikukwera bwino, ndipo pa masabata 7 pa sikani tinaona kadontho kakuphethiraphethira, anati ndi mtima umenewo. Ndinafunsa katatu kuti mukutsimikiza?

Apongozi anga, amayi, ine ndimakuopani miyezi yonse ija, ndimaganiza kuti mukuwerenga miyezi ngati anthu ena. Ndinadzamva mochedwa kuti wachibale wina atayamba zoti kodi mpongozi wanuyu ali bwinobwino, inu munamuyankha kuti mimba yake ikukukhudzani pati, n'kusintha nkhani. Simunandiuzepo, ndinamva kwa alamu anga. Ndipo usiku wa matenda uja munakhala pa benchi mpaka kucha, nsapato zili m'manja chifukwa mapazi anatupa. Zikomo amayi. Amayi anga ondibereka, inu mukudziwa kale, mapemphero anu ndimawamva ngakhale foni itaduka.

Azamba amene munandithandiza kuchira, anzanga akuntchito amene munandigwirira ntchito masiku omwe ndimanama kuti mutu ukundipweteka pomwe ndikulira mzere umodzi, zikomo. Nanunso amene mumandifunsa pagulu kuti kodi mukuchedwa pati, tikufuna tinyamule mwana, ndikudziwa ambiri simumafuna zoipa, koma ena mwa mafunso amenewo amandipeza m'mawa womwewo nditangotaya katesiti mu bini. Ndakukhululukirani, bwerani mudzanyamule, musambe m'manja kaye.

Katesiti ka tsiku la 37 kaja amuna anga anakasunga mu envelopu, pano kasanduka kachikasu, mizere yayamba kufufuta, ndawauza kuti ndi zauve tikataye akukana.

Pali mnzanga mmodzi amene tinayamba limodzi ulendowu, timatumizirana zithunzi za mizere usiku, iye akudikirabe. Unabwera kuchipatala ndi tizovala tamwana, unamunyamula, unaseka, ndipo ndinaona momwe unapumira utafika pakhomo potuluka. Sindikuuza kuti nthawi yako ikubwera chifukwa ndikudziwa momwe mawu amenewo amandinyansira ine. Loweruka ndikubwera kwanu ndekha, mwana ndimusiyira agogo ake maola awiri, ndipo sindidzakufunsa kuti uli pa tsiku lachingati.