Ma cooler onse amagawana mphepo imodzi

Teremu ino pa kosi yathu ya umakaniko tafika pa mutu wa kutentha kwa injini, ndipo ine ndaulondola kupitirira pomwe silabasi ikuthera. Chandikoka ndi galaja yomwe ndimaphunzirako ntchito masana, cha ku Lumumba Road mu Lusaka muno. Kumeneko kwayamba kubwera anyamata a ma Altezza ndi ma Subaru omwe anakweza kale mphamvu ya injini, tsopano akufuna kukapikisana pabwalo. Pempho lawo ndi limodzi: mundiikire oil cooler (choziziritsira oilo wa injini) yaikulu, izionekera pa bampala.

Masamu omwe aphunzitsi anatilembera pa bolodi ndi osavuta. Mwa mphamvu yonse ili mu petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limazunguza mateyala. Lina limatuluka ku ekizozi, lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini, ndipo madzi ndi oilo ndizo ziyenera kulichotsamo. Ndiye kuti injini yotulutsa 150 kW, ukaiponda mpaka pansi, ikutayanso kutentha kochuluka chomwecho kudzera m'madzi ndi oilo. Ketulo ya magetsi imadya 2 kW. Werengani nokha, ndi maketulo oposa 70 akuwira pamodzi pansi pa boneti. Pa mdipiti wa magalimoto wa pa Great East Road injini sigwira ntchito yotere ngakhale kwa mphindi imodzi. Pabwalo imaigwira kwa mphindi 15 kapena 20 osapuma, ndipo woyamba kudandaula amakhala oilo, chifukwa iye ndi amene amanyambita ma bearing, pansi pa mapisitoni ndi shafiti ya turbo.

Oilo amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 90 ndi 110. Akapitirira 130 amayamba kupyapyala, presha imatsika, ndipo kachikopa ka oilo kolekanitsa crankshaft ndi bearing kamachepa pa nthawi yomwe injini ikuzungulira kwambiri. Vuto ndi loti magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan kudzera pa Nakonde alibe geji ya kutentha kwa oilo. Singano ya pa dashibodi imaonetsa madzi okha, ndipo anaipanga kuti izikhala pakati osagwedera mpaka zinthu zitafika poipa. Nchifukwa chake madala a pagalaja pathu safuna kumva za cooler geji isanamangidwe. Wina atawaumiriza anangomuyankha kuti, "Mphwanga, yamba wapita ukathamange, ubwere ndi nambala. Ine sindipereka mankhwala kwa munthu amene sindinamuyeze." Geji ziwiri, ya kutentha ndi ya presha, mtengo wake sufika pa wa cooler yabwino, ndipo pali magalimoto ena oti nambala zikabwera umapeza kuti akungofuna radiyeta yotsuka ndi oilo woyenera.

Chomwe chanditengera nthawi yaitali kuchimvetsa ndi cha mphepo. Cooler payokha siziziritsa kanthu. Imangopereka kutentha kwa oilo ku mphepo yodutsa m'timapepala take ta aluminiyamu. Tsono pakamwa pa bampala ndi pamodzi pomwepo. Pa galimoto ya turbo pamakhala kale condenser ya AC ndi radiyeta, ena anasamutsirapo intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo. Ukawonjezerapo oil cooler ya mizere 25 ya timachubu kutsogolo kwa zonsezi, mphepo imafika pa radiyeta itafunda kale komanso itachepa liwiro. Oilo amatsika ndi madigiri angapo, madzi nkukwera. Mwini galimoto amabwerera akudandaula kuti chiikireni cooler injini yayamba kuwira, pamene kutenthako kwangosamuka malo.

Kuno ku Lusaka nkhaniyi imakula. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya wathu ndi wopepuka ndi pafupifupi 12 peresenti kuyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam komwe magalimotowa amatsikira. Madzi opanda presha amawira pa madigiri pafupifupi 96. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pamtunda wotere, ndiye kutentha kwakenso kumachepako. Ya turbo ayi: turbo imazungulira kwambiri kuti ibwezere mpweya wosowawo, mphamvu imakhala pafupifupi yomweyo, koma ma cooler alibe chowabwezera. Amalandira mpweya wopyapyalawo basi. Onjezanipo dzuwa la Okutobala, mvula isanagwe, pamene kunja kumapitirira madigiri 30. Malangizo olembedwa ndi munthu wothamangira ku England sangatikwanire osawasintha. Bola a anzathu othamangira pa Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, chifukwa iwo ali pamwamba kuposa ife.

Choncho ntchito yeniyeni ili pa kulondolera mphepo. Mphepo ndi yaulesi, ikapeza mpata m'mbali mwa cooler imadutsa pamenepo. Ndinaona madala akudula katoni ya sopo, kuipinda mozungulira cooler mpaka itakhala bwino, kenako nkujambula maonekedwe akewo pa lata ya aluminiyamu. Mipata yotsala anaitseka ndi siponji. Cooler yomweyo anaiika pa bowo la nyali ya chifunga, kumbali, nkuboola pulasitiki ya pamwamba pa teyala kuti mphepo yolowa ipeze potulukira. Popanda potulukira, ngakhale bowo la kutsogolo likule bwanji, mphepo imangounjikana osadutsa. Cooler ya mizere 13 yokutidwa chonchi imatha kuposa ya mizere 25 yongolendewera. Kutsogolo kwake amaikako sefa ya waya. Dziko lino ndi la rally, kwawo kwa Satwant Singh amene anatenga ukatswiri wa Africa ka 8, ndipo aliyense wozolowera fumbi amadziwa zomwe kamwala kamodzi kapena njere za udzu zimachita pa timapepala tija.

Palinso kuziziritsa mopitirira. Magalimoto a anyamatawa ndi omwewo opitira kuntchito. M'mawa wa mu Juni kapena Julaye kuno kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo oilo wodutsa mu cooler yaikulu nthawi zonse sangafunde paulendo wochoka ku Chelstone kukafika m'tauni. Oilo wozizira ndi wolemera, sayenda msanga, komanso chinyezi ndi petulo zomwe zimalowa mu sump, mosungira oilo pansi pa injini, sizimauluka. Yankho ndi sandwich plate yokhala ndi thermostat, kachitsulo kolowa pakati pa injini ndi filita, komwe kamatsegula njira ya ku cooler oilo akafika cha m'ma 80. Zotchipa zambiri za m'mashopu zilibe thermostat, ndipo pozionera kunja sungasiyanitse msanga. Ma Subaru a EJ20 turbo ali nako kale kachipangizo pamwamba pa filita kosinthanitsa kutentha pakati pa oilo ndi madzi. Kamafunditsa oilo m'mawa, kamamuziziritsa masana. Ine sindingafulumire kukachotsa.

Pa mapaipi sindinyengerera. Oilo wozizira amatha kukankha ndi presha yoposa 5 bar, ndiye paipi ya wamba yomangidwa ndi kilampu ya sikuluwu ndi ngozi yodikira tsiku. Ikavuka, malita anayi a mu sump amatha mu masekondi ochepa, ena akuthira pa ekizozi yofiira, ena pansi pa mateyala a mnzako wakumbuyo. Pamafunika mapaipi opirira presha a saizi ya AN10 ndi zomangira zake, aafupi momwe zingathekere, opanda makona akuthwa, chifukwa kona iliyonse imadya presha. Milomo ya cooler iyang'ane m'mwamba kapena kumbali kuti mpweya usatsekeredwe mkati. Ndipo oilo awonjezedwe, poti cooler ndi mapaipi ake zimamwa theka la lita kapena kuposerapo.

Za zamadzimadzi zinazo ndidutsa mwachangu. Giyabokosi ya automatic imatenthedwa ndi torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi kudzera m'mafuta, ndipo cooler yake yowonjezera amailumikiza pambuyo pa ija ya mu radiyeta, mafuta asanabwerere. Ya power steering ndi kanthu kakang'ono, kofunika kwa okonda kupota galimoto. Mafuta a mabuleki saikiridwa cooler. Umangosintha nkuthira atsopano, popeza mtundu wa mafutawa wotchedwa DOT 4 ndi wotere: yatsopano iyenera kupirira madigiri 230 koma ikamwa chinyezi imatsikira cha ku 155.

Madzi a mu radiyeta ndiwo anandidabwitsa. Madzi okha amanyamula kutentha kuposa osakaniza ndi antifreeze wambiri, ndipo mabwalo ambiri amaletsa glycol wa mu antifreeze chifukwa akatayika pa tala amaterera. Koma madzi ake asakhale a pa mjigo. Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, ndipo zoyera zija zimamatirira m'ketulo zimamatiranso m'timachubu ta radiyeta. Pagalaja timagwiritsa ntchito madzi osungunula othira mu batire (distilled water, osati asidi), nkuthiramo mankhwala oletsa dzimbiri.

Sabata yamawa tikutsegula diff ya Altezza, bokosi la magiya logawira mphamvu ku mateyala akumbuyo. Mmenemo mulibe pampu yoyendetsa mafuta, ndiye cooler yake imafuna pampu ya magetsi ndi switch yoyatsa yokha mafuta akatentha, ndipo waya wake ndapatsidwa ine kuti ndijambule.