Momwe tinabwezera madzi pabwalo a mastande atatitsekera

Madzi anasiya Lachiwiri m'mawa. Mayi a kunyumba anapita pampopi ndi ndowa ya matewera, kutsegula, mpopi n'kungotulutsa mpweya, kenako zii. Sitinadandaule, poti madzi kusiya kwa maola angapo si zachilendo. Koma chakumasana ndinaona a mastande, ndiko kuti eni nyumba m'kalankhulidwe ka kuno ku Joni, akutsuka galimoto kutsogolo, payipi ikupopera bwinobwino. Nditazungulira kuseri ndinapeza kabokosi kachitsulo katsopano pamalo pamene paipi yathu imapatukira, loko ali lende.

Timakhala ku Rosettenville, m'zipinda zisanu zakuseri kwa nyumba yaikulu. Mpopi ndi umodzi, chimbudzi ndi chimodzi chogejemula, anthu 11 kuphatikiza ana. Ndisabise, amene anayambitsa zonsezi ndine. Bwana wina amene ndinkamusamalira maluwa anasamukira ku Cape Town, ndiye mwezi umenewo pa lendi ya R1,800 ndinangopereka R1,000. A mastande anaganiza zolanga bwalo lonse kuti anzanga andikhalire pakhosi. Zinathekadi: pofika Lachitatu usiku chimbudzi chinali chosalowekanso, ndipo mayi wa chipinda chachiwiri anasiya kuyankha moni wanga. Madzi tinkagula kwa aneba, R5 chigubu.

Amene ananditsegula m'maso ndi mkulu wina wa kwathu ku Ntcheu amene timapemphera limodzi, wakhala kuno zaka zambiri. Funso lake loyamba linali lakuti, "Achimwene, wadula madziwo ndani, khonsolo kapena mwini nyumba?" Funso limeneli musalilumphe, chifukwa njira zake n'zosiyana. Ngati yadula ndi khonsolo chifukwa mwini nyumba sakulipira bilu, lamulo la Water Services Act la 1997 limati pakhale chidziwitso kaye komanso mpata woti munthu adandaule madzi asanadulidwe. Mu 2009 anthu ochita lendi ku Ennerdale Mansions, mafulati ena a kuno ku Joni, amene anawadulira magetsi chifukwa cha ngongole ya mwini nyumba, anapambana ku Constitutional Court, khothi lalikulu kwambiri la dziko lino: khothi linati anayenera kudziwitsidwa masiku 14 magetsiwo asanadulidwe, ngakhale akaunti sinali m'dzina lawo. Kwa ife nkhani inali yachidule. Mita ya khonsolo inkazungulira, nyumba yaikulu inali ndi madzi, loko anali wa a mastande.

Ndinamuuza mkuluyo kuti ndikufuna kuthyola lokoyo ndi chitsulo usiku. Anaseka n'kunena kuti ndikatero mlandu utembenuka, wowononga katundu ndikhala ine. Anandiletsanso chinthu china chimene anzanga pabwalo anali atagwirizana kale, chosiya kulipira lendi mpaka madzi abwere. Zimamveka zachilungamo, koma mukatero mwamupatsa mwini nyumba chifukwa chenicheni chothetsera mgwirizano n'kupita kukhothi kuti akutulutseni.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ngongole yanga sinkawapatsa a mastande mphamvu yotseka madzi. Lamulo la Rental Housing Act la 1999, litakonzedwanso mu 2007, limati mwini nyumba amene watsekera kunja wochita lendi, kapena wamudulira madzi kapena magetsi popanda chilolezo cha lamulo, wapalamula mlandu. Chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira zaka ziwiri, kapena zonse ziwiri. Ngati muli ndi ngongole, iye akuyenera kukusumirani, osati kudzipangira chiweruzo ndi sipanala. Ife obwera timaopa kwambiri maofesi, timangoti tili kwa eni. Koma lamuloli limakamba za wochita lendi, silifunsa kumene anabadwira, ndipo gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi okwanira. Musamve ngati madzi ndi aulere ayi. Anthu a ku Phiri, dera la ku Soweto limene dzina lake limatiseketsa ife a Malawi, anakatsutsa mamita olipiriratu mpaka ku Constitutional Court, ndipo mu 2009 sanapambane. Bilu ndi yolipira. Nkhani ili pa njira imene munthu akutolerera ndalama zake.

Usiku womwewo ndinayamba kusonkhanitsa umboni. Ndinajambula kabokosi ndi loko wake, kenako kavidiyo ka mpopi wouma, ndikutchula tsiku ndi nthawi. Ndinawalembera a mastande pa WhatsApp mwaulemu ndithu: "Baba, madzi atsekedwa kuyambira Lachiwiri m'mawa. Ndikuvomera kuti ndatsala ndi R800 ndipo ndilipira. Chonde tsegulani madzi pofika mawa masana, pano pali ana." Ndinalemba dala m'malo mokagogoda pakhomo, chifukwa mawu apakamwa amauluka. Yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu, lakuti palibe ndalama palibenso madzi, ndipo ngati sindikufuna ndibwerere kwathu. Mayi a kunyumba analira atawerenga. Ine ndinajambula uthengawo n'kuutumiza pa foni ina kuti usafufutidwe. Pa umboni wonse umene ndinali nawo, panalibe woposa umenewu, poti munthu anavomera yekha kuti watseka ndiye.

Lachinayi ndinayamba ndi kupolisi ina yapafupi. Kumeneko anandiuza kuti nkhani za lendi ndi za pakati pa ine ndi mwini nyumba. Sindinalimbane nawo. Ndinangolemba chikalata cholumbira chofotokoza zimene zinachitika, iwo n'kudindapo chidindo, basi ulendo wa m'tauni ku Gauteng Rental Housing Tribunal. Limeneli ndi bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lija la Rental Housing Act kuti lizimva madandaulo a eni nyumba ndi ochita lendi. Simulipira kalikonse ndipo loya safunika.

Ndinanyamula pasipoti ndi pemiti, zithunzi, mauthenga aja nditawasindikiza pa pepala, adilesi ya nyumba, dzina lonse ndi nambala ya a mastande, komanso umboni wa malipiro. Apa mpamene ndinatuluka thukuta. Mgwirizano wolemba ndinalibe, tinangogwirana chanza tsiku lolowa. Chimenecho sichinavute, chifukwa mgwirizano wapakamwa ndi wovomerezeka m'lamulo, ndipo mwini nyumba amayenera kuulemba ngati wochita lendi wapempha. Chovuta chinali malisiti. Miyezi yambiri ndinkapereka ndalama pamanja, iwo n'kungoika m'thumba. Lamulo limati mwini nyumba azipereka lisiti lolemba pa ndalama iliyonse, lokhala ndi tsiku, adilesi ndi chimene mwalipira, koma ine sindinapemphepo n'kamodzi komwe, manyazi. Chinandipulumutsa ndi miyezi itatu imene ndinatumiza kudzera kubanki, ndi kabuku ka mayi a kunyumba kamene amalembamo ndalama iliyonse yotuluka, ngakhale ya machesi. Kabuku kamene ndinkakanyoza kaja.

Pa fomu pali malo olemba dandaulo. Mayi amene anandithandiza anandiuza kuti ndisalembe mbiri ya moyo wanga, ndilembe tsiku limene madzi anatsekedwa, amene anatseka, anthu amene akuvutika, ndi chimene ndikupempha. Anandiuzanso kuti ndinene poyera kuti nkhaniyi ndi yachangu, chifukwa ya madzi siyofanana ndi ya dipoziti imene ingadikire. Ngongole yanga ndinailembanso. Bola aimve kwa ine kusiyana n'kuti ikatulukire pakamwa pa winayo. Anandipatsa nambala ya mlandu, ndipo pepala limenelo ndi lamphamvu kuposa mmene limaonekera: kuchokera tsiku limene mwapereka dandaulo mpaka bwalo litagamula, kapena mpaka patatha miyezi itatu, mwini nyumba sangakutulutseni, koma inunso mupitirize kulipira lendi monga kale. Ndiponso kuno palibe wotulutsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khothi, zimenezo zili m'lamulo la 1998 limene anthu amangoliti PIE.

Anawaimbira a mastande ine ndili pomwepo, n'kutiitana tonse kuti tidzabwere tsiku lina. Anabwera atavala jekete, nkhope ili gwa. Gawo loyamba silikhala kuzenga mlandu, amayamba n'kuyanjanitsa. Mkhalapakati anawalola kulankhula mpaka mtima kuphwa, ndipo kunena zoona zina zimene ananena zinandigwira. Bilu ya madzi imabwera m'dzina lawo, pabwalo pali alendo osatha, wina amachapa zovala za ganyu pampopi womwewo. Atamaliza, mkhalapakati anangofunsa kuti loko anaika ndani. Atavomera, anawawerengera gawo la lamulo lija, n'kuwauza kuti tikapanda kugwirizana nkhani ipita kwa oweruza a bwalolo, amene angathe kulamula kuti madzi abwezeretsedwe, ndipo chigamulo chawo chimalemera ngati cha khothi la majisitireti. Lamulo lotere amalitcha spoliation order. Mukhoza kulipemphanso kukhothi la majisitireti, ndipo kumeneko safunsa kaye za ngongole. Amafuna muonetse zinthu ziwiri, kuti madziwo munkagwiritsa ntchito mwamtendere monga mbali ya nyumba imene mukukhala, ndi kuti wina wakulandani popanda kutsata lamulo. Njira imeneyo nthawi zambiri imafuna loya, ndipo amene alibe ndalama amayamba kufunsa ku Legal Aid South Africa, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu.

Ife sitinafike kumeneko. Tinasainirana pepala: madzi atsegulidwe tsiku lomwelo isanakwane 6 koloko madzulo, ine ndiziwonjezera R200 pa lendi kwa miyezi inayi, iwo azipereka lisiti. Za R5 ya zigubu ndinangozisiya, ngakhale mayi a kunyumba anali atazilemba zonse m'kabuku.

Madzi anabwera masiku asanu ndi limodzi atatsekedwa. Anayamba kutuluka ofiira, mpopi ukutsokomola, ana ali pamzere ndi mabotolo. Ntchito yoyamba inali ya kuchimbudzi, ndipo ndinaigwira ndekha popanda wondituma. A mastande anatha mwezi wathunthu osandilankhula, lisiti ankalilowetsa pansi pa chitseko. Ngongole ndinamaliza mwezi wachitatu nditapeza ganyu ina ku Alberton. Kabokosi kachitsulo kaja kakadalipo koma kalibe loko, mayi wa chipinda chachiwiri amasungamo sopo.