Thesis ndinamaliza kulemba koma sukulu sinathebe

Akunyumba akhala akundifunsa kuti kodi sukulu yakoyo idzatha liti, mayi anga mpaka anatopa, masiku ano amangoti "ukamaliza udzatiuze basi". Ndiye ndati ndilembeko zomwe zandidyera miyezi yapitayi, makamaka kwa inu amene mukulakalaka kudzachita PhD (udokotala wa maphunziro) kuno ku Britain, poti ine palibe anandinong'oneza.

Ndinkaona ngati ntchito yonse ndi kulemba, ukafika chaputala chomaliza ndiye kuti waoloka. Ayi ndithu. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake a momwe thesis, buku la kafukufuku wako lija, iyenera kuonekera komanso momwe umaiperekera, ndipo ine malamulowo ndinawatsegula koyamba chaka chachitatu chili kumapeto, pomwe anali pa webusaiti chibwerere changa, aulere.

Choyamba kundigwetsa ulesi chinali kuchuluka kwa mawu. Mayunivesite ambiri kuno amati isapitirire mawu 80,000, ena amalola mpaka 100,000, ndipo kawerengedwe kake kamasiyana, kwina ma footnote amawerengera momwemo kwina ayi, koma ma appendix, zowonjezera za kumapeto kwa buku, kawirikawiri sawawerenga. Yanga inali itadutsa ndi mawu pafupifupi 11,000. Chifukwa chake nchakuti kafukufuku ndinachitira ku Dedza, kucheza ndi alimi, ndiye paliponse pomwe ndagwira mawu a munthu ndimalemba mChichewa momwe anayankhulira kenako nkumasulira mChizungu pansi pake, mawu aliwonse kawiri. Supavaiza wanga anati Chichewacho chisamukire ku appendix, mkati mutsale Chizungu chokha. Zinandiwawa kobasi. Pali agogo ena anandifotokozera za chaka chomwe nkhokwe inatha chimanga mvula isanagwe, momwe anayankhulira muja, kupuma kwake, kuseka kwake kosaseka, mChizungu zimangomveka ngati lipoti la bungwe. Ndinalimbana nazo mpaka ndinasiyako ziganizo zingapo mkati, zina zonse zinapita kumapeto komwe sindikudziwa ngati alipo adzafikeko.

Kenako nkhani ya chilolezo. Ukamachita kafukufuku wokhudza anthu ku Malawi sikuti chilolezo cha komiti ya yunivesite yako kuno chikukwanira, umafunikanso cha kumudzi, ife a social science timadutsa ku komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, a zaumoyo ambiri amadutsa ku NHSRC, komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo. Ine chilolezocho ndinatenga bwinobwino ndisanayambe, koma kalata yake ndinaisiya mu sutikesi kwa achemwali anga pamodzi ndi mafomu omwe anthu anasainira ndi kudinda chala, osaijambula nkomwe. Itafunika kuti ilowe mu thesis, achemwali anakhuthula sutikesi yonse pa mkeka, kumanditumizira zithunzi pa WhatsApp, "ndi iyi?" ayi, "nanga iyi?" ayi imeneyo ndi lisiti la loji. Inapezeka tsiku lachitatu itapindidwa mkati mwa kope la manotsi.

Za kaonekedwe ndingodutsapo msangamsanga chifukwa zimanditopetsa ngakhale kuzikumbukira. Mipata ya m'mbali mwa peji, masamba oyambirira kukhala ndi manambala achiroma, abstract (chidule cha ntchito yonse) ya mawu pafupifupi 300, tsamba lolumbira kuti ntchitoyi ndi yako. Usiku wina cha m'ma 2 koloko ndinasintha mutu umodzi wokha, Word nkusokoneza manambala onse a matebulo, ndinangotseka laputopu nkukaphika phala. Chomwe chinandipulumutsa ndi Zotero basi, pulogalamu yosungira mndandanda wa mabuku, mabuku onse omwe ndinawerenga anali momwemo kuchokera chaka choyamba. Mwayi wina ngwakuti chibwerere Covid mayunivesite ambiri amangofuna PDF, zomanga mabuku akuluakulu achikuto cholimba zija zinachepa.

Chomwe anthu sachidziwa kwambiri ndi nthawi. Sumangodzuka nkupereka, pali fomu yomwe umadzaza miyezi ingapo usanapereke kuti ayambe kusaka okuyesa, ndipo wa full time malire ake nthawi zambiri ndi zaka 4, pomwe ndalama za ma scholarship ambiri zimathera pa zaka 3, visa nayo ikukuwerengera masiku. Ine fomuyo ndinaichedwetsa, thesis inakhala pa kompyuta milungu ingapo ikudikira anthu oiwerenga, lendi ndikulipira.

Panopa ndikudikira viva, mayeso a pakamwa oteteza thesis. Oyesa amakhala awiri, wina wa pa yunivesite yomweyo wina wochokera kwina, supavaiza sakuyankhira, mumakhala m'chipinda maola awiri kapena atatu akukupanikiza peji ndi peji. Ochepa okha ndi amene amatuluka opanda chokonza, ambiri amapatsidwa zokonza zing'onozing'ono za miyezi 3, zikakhala zazikulu miyezi 6 kapena kuposa, ndipo udokotalawo suyamba mpaka zokonzazo avomereze komanso thesis yomaliza uyisiye ku laibulale.

Izi ndinayesa kuwafotokozera mayi pa foni Lamlungu, koma anali atalengeza kale ku mvano kuti mwana wawo wamaliza za udokotala. Dzulo ndalandira voice note kuchokera kwa aneba athu akumudzi, akufunsa mankhwala abwino a bondo.