Sabata ino ku Casualty: mitima yoimira kunja kwa geti

Ndine namwino ku Casualty, komwe timalandira odwala mwadzidzidzi, pachipatala china kuno ku Lusaka. Sabata ino yanditsimikizira kuti munthu mtima wake ukaima ali kunja, nkhani yake imagamulidwa asanatipeze ife.

Lolemba anatibweretsera pa takisi bambo wina wogulitsa anyezi ku Soweto Market. Anangoti khuu pansi akutsitsa matumba. Anzawo anawathira madzi, kuwakupiza ndi katoni, wina n'kuwaika supuni m'kamwa poganiza kuti ndi khunyu. "Sisita, anali akupumabe," anatero mmodzi. Kupuma ankanenako ndi kuja kokoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nsomba yovuulidwa, ndipo chimenecho n'chizindikiro choti mtima waima. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka, pomwe iwo anataya nthawi yoposa apo akusaka galimoto, kenako n'kutsekeredwa mumsewu wa Lumumba. Pa monita yoonetsa kugunda kwa mtima mzere unali woongoka, kusonyeza kuti mtima wangoti zii, ndipo mtima wotero sitiumenya shoko yamagetsi. Tinakanikiza chifuwa, kubaya mankhwala olimbikitsa mtima otchedwa adrenaline mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, koma anatisiya.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse: malungo, ngozi za minibasi, BP yokwera.

Lachinayi usiku kunabwera mayi wa ku Chawama amene anagwa akuphika. Mwana wawo wamkazi anaphunzirapo CPR, njira yokanikiza chifuwa cha munthu amene mtima wake waima kuti magazi aziyendabe. Anawagoneka chagada pasimenti, manja pakati pa chifuwa, n'kuyamba kukanikiza mwamphamvu. Chofunika ndi maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chikulowa masentimita 5 mpaka 6. Sanaleke ngakhale kumbuyo kwa vani ya aneba, mawondo akukhulika ndi malata. Atafika, mtima unali ukungonjenjemera osapopa magazi, zomwe timati ventricular fibrillation. Umenewo ndiye umamva shoko. Tinaumenya, mtsempha wapakhosi n'kuyambanso kugunda pansi pa zala zanga.

Mtsikanayo anagwada akulira: "Sisita, ndawathyola nthiti amayi." Ndinamudzutsa, ndinati, "Mwanangu, nthiti zimapola. Manja akowa ndiwo awafikitsa kuno amoyo." Mayiwo ali ku ICU, chipinda cha odwala kwambiri, ndipo madokotala akuyang'anabe mmene ubongo wapiririra.

Lachisanu ndinaphunzitsa alonda a pageti pathu ndi chidole chophunzitsira. Mmodzi anafunsa zomwe ambiri amaopa: "Nanga akafera m'manja mwanga, kupolisi ndikanena chiyani?" Ndinamuyankha kuti munthu wosayankha, wosapuma bwino, akangosiyidwa amwalira ndithu, wokanikizayo sangamupweteke kuposa pamenepo. Wina aziimbira ambulansi, wina azikanikiza, muzisinthana mphindi 2 zilizonse.

Chimandiwawa n'chakuti makina a AED, omenyera mtima shoko, omwe amalankhula okha kuuza munthu chochita, sindiwaona m'misika kapena m'masiteshoni, komwe anthu amadzaza tsiku lonse. Loweruka likudzali ndikupita ndi chidole chija kutchalitchi kwathu ku Matero, ndipo ndawapempha abusa aitanenso makondakitala a minibasi.