Sienta inandiyalutsa pamaso pa apongozi

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto. Ku Biwi kuno akandibweretsera galimoto yoyaka nyali ya cheki, mawu anga oyamba sasintha: musazule kanthu, tiyambe tawerenga zomwe kompyuta yasunga. Anyamata ophunzira ntchito ndawauza zimenezi kambirimbiri moti amandiyeseza ndikangotembenuka. Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Loweruka lina ndinayenera kukatenga apongozi anga onse awiri kumudzi, kuseri kwa Linthipe, kuti adzaone mdzukulu wawo wakhanda. Galimoto yanga ndi Toyota Sienta yakale ija, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, imene aliyense pamsewu amaibayitsa chala poyesa ndi ya matola. Lachisanu usiku ndinati ndiisamalire kuti ikadziwike kuti mwini wake ndi katswiri. Magetsi anali atazima, ndiye ndinaluma foni pakamwa kuti indiwunikire. Ndinaguguda fyuluta ya mpweya. Ndinamasula paipi yakuda yonenepa ija yochoka pa bokosi la fyuluta kupita pa throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, n'kupukuta mwaye. Kenako ndinatsuka sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndipo apa ndinachita zonse mwa lamulo: kumasula tizomangira tiwiri, kupopera mankhwala ake enieni osati petulo kapena otsukira kabuleta, osakhudza kawaya kam'kati ngakhale ndi thonje, n'kudikira mphindi 10 kuti iume. Ndikuveka paipi ija, mayi a kunyumba anaitana kuti nsima ikuzizira. Kilampu ya paipi imeneyi imamangidwa ndi sipanala ya 10. Ndinati ndimanga ndikadya. Ndiwo yake inali nkhwani wotendera ndi usipa. Ndinakhuta, ndinatseka boneti, ndinagona.

Kuti mumvetse manyazi anga muyenera kudziwa momwe injini yotere imaganizira. Mulibe kabuleta. Petulo amathiridwa ndi ma injekita anayi, ndipo amene amalamula kuti atseguke nthawi yaitali bwanji ndi kompyuta, ECU. Cholinga chake n'chakuti pa magalamu 14.7 aliwonse a mpweya pagwere galamu 1 ya petulo. Koma kompyutayo ilibe maso. Ili ngati nyakwawa yomwe situluka m'nyumba, imaweruza potengera zomwe nduna zabwera nazo. Sensa ya pa crankshaft imanena liwiro la injini ndi pomwe mapisitoni afika. Ya madzi imanena ngati injini yatentha. Ya pa throttle imanena momwe phazi lapondera. Ya okosijeni, imene ili pa ekizozi, imanunkhiza utsi n'kunena ngati petulo anachuluka kapena anachepa. Ndiye pali MAF, mlonda wa pachipata. M'kati mwake muli kawaya kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo magetsi ofunika kuti katenthebe ndi omwe amauza kompyuta kuchuluka kwa mpweya wolowa. Mpweya uliwonse wolowera kumbuyo kwa mlonda ameneyu suwerengedwa, choncho supatsidwa petulo wake.

Pa tala wa M1 galimoto inayenda bwinobwino, paipi inali itangokhala pamalo pake mwaulemu. Mavuto anayamba pa msewu wafumbi wolowera kumudzi, wa mizeremizere uja wogwedeza mano. Pofika pakhomo injini inali ikunjenjemera pa idling, pomwe imalira yokha osaponda moto. Ndinanena chamumtima kuti ndi petulo wa dzulo, chifukwa makaniki aliyense akasowa chonena amanamizira petulo. Nyali sinayake. Pa vuto la kuchepa kwa petulo kompyuta ya Toyota siyatsa nyali ulendo woyamba, imangolemba pambali n'kudikira kuti ione ngati zibwerezeke ulendo wachiwiri. Ulendo wachiwiriwo ndi umene unali ndi apongozi.

Bambo anakhala kutsogolo, chipewa pabondo. Iwowa anayendetsa malole zaka zambiri asanapume, ndipo salankhula pokhapokha pali chifukwa. Amayi anakhala kumbuyo ndi tambala womanga miyendo, thumba la kachewere lili kumpando wotsiriza. Nditangotembenuza kiyi, mawu a mzimayi anamveka pansi pa dashibodi, ofewa, m'Chijapani.

"Muli ndi wina m'galimoto muno?" anafunsa amayi, akuyang'ana tambala, poti mkamwini sayang'anidwa kumaso.

Ndinafotokoza kuti ndi kabokosi ka ETC. Ku Japan amalowetsamo khadi yolipirira misewu ikuluikulu popanda kuima pa geti, ndiye kakaona kuti mulibe khadi kamadandaula nthawi iliyonse mukaliza galimoto. Kuno kalibe ntchito, pa Kalinyeke pomwe timaima n'kulipira pawindo. Ndachotsa timabokosi totere m'magalimoto a anthu osawerengeka, koma kanga ndinkangoti ndichotsa mawa.

"Ndiye akuti chiyani?" anafunsa bambo.

"Akuti mulibe khadi, bambo."

"Oho."

Amene anapanga Sienta yakale anaika mawotchi pakati pa dashibodi, osati kuseri kwa chiwongolero. Amati n'cholinga choti maso asachoke kwambiri pamsewu. Ine ndikuti anapangira apongozi. Titangolowa pa tala, kanyali kachikasu kooneka ngati injini kanayaka poonekera aliyense, ndi tambala yemwe.

"Akamwini, kayaka kanthu apa."

"N'kongokumbutsa, bambo."

Kunena zoona, nyali ya cheki ikayaka osaphethira mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa garaja. Ikamaphethira ndiye imani, chifukwa silinda ina sikuwotcha ndipo petulo wosapsa akukawononga catalytic converter, chosefa utsi cha mu ekizozi. Yanga inali yosaphethira, ndiye ndinalimba mtima. Koma pa Chimbiya, nditachotsa phazi kuti ndikwere bampu, injini inatsokomola kawiri n'kuzima, pakati penipeni pa msika. Chiwongolero chinauma. Ndinaikokera pambali ndi mphamvu za nsima ya dzulo ija.

Chifukwa chake chinali chapafupi. Mukamathamanga injini imameza mpweya wambiri, ndiye wolowera pampata umakhala wochepa poyerekeza ndi wonsewo, ndipo kompyuta imakwanitsa kubisa vutolo powonjezera petulo ikamva dandaulo la sensa ya okosijeni. Pa idling injini ya malita 1.5 imangofuna magalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono pa sekondi. Mpata ukakula, mpweya wambiri umadzera njira yachidule, MAF imanena bodza, petulo amachepa, moto umazima. Zimenezi ndimazidziwa ngati dzina langa. Tsiku limenelo sizinabwere m'mutu.

Anyamata a pamsika anafika msangamsanga. "Bwana, tiikankhe!" Ndinawauza kuti ya otomatiki siilira pokankha, popeza injini ikazima palibe chogwirizanitsa matayala ndi injiniyo. Mmodzi anati ndi pampu ya mafuta. Wina anati mapulagi. Wogulitsa chiwaya anati m'bale wake ali ndi Sienta ngati yomweyi ndipo inafa kompyuta. Ndinatsegula boneti mwamatama, n'kuchita chinthu chomwe ndimaletsa anyamata ophunzira ntchito aja: ndinazula pulagi ya MAF kiyi ali pa ON, n'kuliza. Inalira, n'kukhazikika ndithu.

Kuyesa kumeneku n'kwenikweni. Kompyuta ikaona kuti MAF yasowa imasiya kuidalira, n'kuyamba kuyerekeza mpweya potengera throttle ndi liwiro la injini. Galimoto imayenda mofooka koma imayenda. Chomwe kuyesaku kumakuuzani n'chakuti nambala yochokera ku MAF siikugwirizana ndi mpweya weniweni. Sikukuuzani kuti MAF yafa. Ine ndinalengeza kwa msika wonse kuti MAF yafa.

Apa m'pamene ndinamva kugogoda pagalasi. Amayi anali akulimbana ndi chitseko, thukuta lili kamukamu, tambala ali yasaa kukamwa. Pa mphepete mwa chitseko chotsetsereka pali kachitsulo ka child lock, ndipo ndinakatsitsa kalekale chifukwa cha ana. Kakatsika, chitseko chimatseguka ndi kunja kokha. Windo nalo linakana, poti batani lokhoma mawindo a anthu okwera, lomwe lili pa chitseko cha dalaivala, ndinali nditalidina. Ndinathamanga kukawatsegulira. Anatsika osanena kanthu, n'kukakhala pamthunzi patali ndithu, atandifulatira.

Makina owerengera makodi, manambala a zovuta omwe kompyuta imasunga, ndinali nditawasiya ku garaja. Koma ma Toyota ambiri akale ochokera ku Japan ali ndi njira ina. Pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala, pali soketi ya mabowo 16. Mukalumikiza bowo la 4 ndi la 13 ndi kawaya, kiyi n'kuika pa ON osaliza, nyali ya cheki imayamba kuphethira manambala. Muwerenge mabowo mosamala, chifukwa la 16 lili ndi moto wa batire ndipo mukaligunditsa molakwika mupsereza fyuzi. Ndinapempha waya kwa wokonza njinga, ndinagwada, mutu pansi pa chiwongolero. Bambo anati andithandize kuwunika, ndipo anasolola kandodo kofiira kamene kamakhala kumapazi a mpando wakutsogolo.

"Tochi yanu iyi, akamwini. Imayatsidwa bwanji?"

Ndinadzuka mofulumira mpaka ndinagunda mutu. Chimenecho si tochi. Ndi muuni wa pangozi umene magalimoto a ku Japan amayenda nawo, umakhwatchidwa ngati machesi n'kuyaka moto wofiira kwa mphindi 5 kapena kuposa. Anali atavula kale chivindikiro. Ndinawalanda ndi manja awiri, mwaulemu wonse umene munthu angalande nawo chinthu kwa apongozi.

Nyali inaphethira kawiri, kupuma, kanayi: 24. Kenako 25. Kenako 31. Nambala 31 ndi dera la MAF, imene pa makina imaoneka ngati P0100 ndi abale ake. 24 ndi sensa ya kutentha kwa mpweya, yomwe pa injini imeneyi imakhala m'thupi limodzi ndi MAF. Ndinaimirira n'kuuza anthu kuti kompyuta yavomereza mawu anga. Zoti makodi awiriwo ndinawalemba ndekha pomwe ndinazula pulagi ija sizinandifikire. Nambala yokhayo yoona inali 25, imene pa makina imaoneka ngati P0171, yonena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Imeneyo ndinati ndi yakale.

Ndinayamba kuimba mafoni ku Lilongwe kufunsa MAF ina, yoti aikweze minibasi. Ndili pa foni, bambo anazungulira n'kukaima kutsogolo kwa injini, manja kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula chala chimodzi n'kukankha paipi yakuda ija. Inagwedera ngati dzino la mwana. Kunsi kwake, kosaoneka ukaima chilili, inali itavuka moti zala ziwiri zikanalowa, ndipo kilampu inali lende.

"Za makompyuta ife sitidziwa," anatero. "Koma pa lole, ichi timamanga."

Msika unakhala chete kanthawi, kenako wa chiwaya anayamba kuseka, ena onse n'kulandira. Sipanala ya 10 inali m'thumba la chitseko, momwe ndinaiponya usiku. Kumanga kunatenga masekondi osakwana 30. Ndinabwezera pulagi ya MAF mpaka inalira kuti tcha.

Kunatsala kufufuta makodi. Njira yaukhondo ndi kuzula fyuzi ya EFI, yopereka moto ku kompyuta, m'bokosi la mu injini kwa mphindi imodzi. Ine, manja akunjenjemera ndi manyazi, ndinamasula waya wa negetivu pa batire. Makodi anafufutikadi, koma pamodzi ndi zina zonse. Wotchi inabwerera pambuyo. Wailesi inadzaza zilembo za Chijapani n'kuyamba kufuna chimbale cha mapu chomwe sindinachionepo chigulireni galimotoyo. Windo la dalaivala linaiwala kukwera lokha, mpaka ndinalitsitsa, kulikweza, n'kugwirabe batani masekondi angapo litatsekeka kuti likumbukire malire ake. Idling nayo inayamba yasakhazikika pang'ono, poti kompyuta inali itaiwala zomwe inaphunzira ndipo imafuna kuyenda makilomita angapo kuti izolowerenso.

Amayi anakwera atatsimikiza kaye okha, kawiri, kuti chitseko chikutseguka ndi m'kati. Bambo anakhala pamalo pawo, chipewa pabondo. Nditatembenuza kiyi, mzimayi wa ku Japan uja analankhulanso mawu ake ofewa aja.

"Akutinso chiyani?" anafunsa amayi kumbuyo.

Ndisanatsegule pakamwa bambo anayankha, maso ali pamsewu.

"Akuti akamwini azimanga kilampu asanadye nsima."