Tsiku la ku Sarnath: kuwerenga manja a ziboliboli

M'mawa, nyumba yosungiramo zakale ya ku Sarnath, makilomita pafupifupi 10 kuchokera mumzinda wa Varanasi ku India. Imatsekedwa Lachisanu lililonse, musadzapite pachabe.

Anthu ambiri amathamangira chiboliboli cha Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, atakhala pansi, chosemedwa m'zaka za m'ma 400 pa mwala wa ku Chunar. Amayang'ana nkhope, koma nkhani ili m'manja. Onse awiri ali pachifuwa. Lamanja layang'ana kunja, chala chachikulu chakumana ndi chamkombaphala n'kupanga kabwalo. Lamanzere layang'ana kwa mwini wake, zala zikukhudza lamanjalo. Kaikidwe aka ndi dharmachakra mudra, kutembenuza gudumu la chiphunzitso, ndipo kakunena za ulaliki wake woyamba, womwe unachitikira pamalo pomwepa. Wokayika ayang'ane m'munsi mwa mpando: pali gudumu, agwape awiri ndi ophunzira ake asanu oyamba, kuphatikiza mayi ndi mwana.

Masana, ziboliboli za dzanja lamanja lotsika pabondo. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Chikhatho chikayang'ana mkati, zala zikugunda nthaka, ndi bhumisparsha: Buddha ku Bodh Gaya, komwe anaunikiridwa, akuitana nthaka kuti imuchitire umboni pamaso pa Mara, mzimu woipa womwe unkamuyesa. Chikayang'ana kunja, zala zili chozondoka, ndi varada, dzanja lopatsa. Mkono ndi womwewo, chasintha ndi chikhatho basi. Zithunzi za pafoni zimawonjezera vuto, chifukwa kamera yakutsogolo nthawi zina imatembenuza chithunzi, lamanja n'kuoneka ngati lamanzere.

Chiboliboli chachitali cha Buddha ataimirira, cha mwala wofiira wa ku Mathura, chomwe anapereka wansembe Bala m'chaka chachitatu cha mfumu Kanishka, chilibe mkono wamanja. Mikono yotalikirana ndi thupi ndiyo imayamba kuthyoka. Akatswiri amati unali wokwezedwa, chikhatho kunja, mwa abhaya, kutanthauza "musaope", poyerekeza ndi zinzake za ku Mathura zomwe zikadali zathunthu.

Madzulo, m'mashopu a ku Varanasi, abhaya yemweyo ali pa ziboliboli za mkuwa za Shiva Nataraja, mulungu wa Ahindu wa manja anayi akuvina: dzanja lamanja lam'munsi. Lam'mwamba lanyamula kang'oma, lamanzere lam'mwamba moto, lotsalalo lapingasa pachifuwa kuloza phazi lokwezedwa. Zotsika mtengo zala zake zimaphatikana poumba, moti kudziwa ngati chikhatho chayang'ana kunja kumafuna kuchitembenuza m'manja musanalipire.