Chipilala cha pamsika ku Culross

Loweruka ndinakwera basi ku Dunfermline kupita ku Culross, katawuni kakale ka ku Scotland, m'mbali mwa madzi a Firth of Forth (eni ake amati "Kuros", l uja samutchula). Alendo ambiri amathamangira kunyumba yachikasu ija ya Sir George Bruce, bwana yemwe analemera ndi malasha ndi mchere, koma ine mtima wanga unatsala pena.

Ukakwera kamtunda m'kamsewu ka miyala umangotulukira pakabwalo, pakati pake pali chipilala chamwala chokhala pamasitepe, pamwamba anasemapo hatchi ya nyanga imodzi. Ndiye mercat cross imeneyo, kutanthauza mtanda wa pamsika. Masitepewo ndi akalekale koma chipilalacho anachikonzanso mu 1902. Kungochiona ungati n'chokongoletsa chabe, ayi ndithu, kale chinkasonyeza kuti tawuniyi ili ndi chilolezo chokhala ndi msika, ndipo Culross anapatsidwa ufulu wochita malonda ndi maiko akunja nthawi ya mfumu James VI, zombo zinkapita ndi malasha n'kubwerako ndi matailosi ofiira a ku Netherlands omwe mpaka pano ali pamadenga. Pachipilalapa ndi pomwe ankagulitsirana, kulengeza malamulo, ngakhale olakwa ankawachititsa manyazi pomwepa anthu akuona. Ndinakhala pasitepe kanthawi ndithu, zinandikumbutsa pabwalo la amfumu kwathu, poti nkhani ikanenedwa pamenepo basi yamveka mudzi wonse. Ku Edinburgh mwambowu ulipobe, mu 2022 analengeza ufumu wa Charles III pa mercat cross yawo.

Kumunsi kuli Town House ya 1626, nsanja ya wotchi anawonjezera mu 1783. Makhansala ankakumana mmenemo, ndende inalinso momwemo, panja pake ndi pomwe panali sikelo ya tawuni yoyezera katundu kuti wina asabere mnzake.

Koma abale, chomwe chikundisowetsa mtendere mpaka lero ndi kachipinda ka kudenga kwa Town House yomweyo. Mmenemo ankatsekeramo azimayi owaganizira ufiti, ena anaphedwa. Ndinaima panja n'kumayang'ana kumtunda, m'mutu mukungobwera agogo a kwathu amene mpaka pano amagendedwa pa mlandu womwewu, ndipo ndinabwerera kokwerera basi ndili duu.